Kasitima ka Gudumu Lamkuwa

Ramez anachiyang'anitsitsa chithunzi chija pa foni ya Nermin, nachikuza ndi zala ziwiri, kenako n'kuibweza foniyo patebulo msangamsanga ngati yamuwotcha.

"Awa ndiye bambo ako?"

"Eya. Bwanji? Waona mzukwa?"

"A ndodo yamutu wasiliva awa?"

Nermin anasiya kutakasa tiyi wake. Awiriwa anali atakhala pakona m'kafe ina yakale pafupi ndi siteshoni ya Raml, malo omwe anawasankha chifukwa abale a Nermin sankapondako. Tsikulo ankapangana za ulendo wa Ramez wokaonekera kwa makolo a mtsikanayo, ndipo Nermin anaona kuti ndi bwino amuonetseretu nkhope yomwe akakumane nayo.

"Ukuwadziwa," anatero Nermin.

"Tinakumanapo kamodzi. Kumsika wa Lachisanu."

Nermin anaika supuni pansi pang'onopang'ono. "Ramez, chonde, usandiuze kuti mwana wopanda mwambo uja ndiwe."

Ramez anangoyang'ana tiramu, sitima ya mumsewu, yomwe inkadutsa kunja.

Mu Alexandria monse anthu odwala matenda a tisitima ndi owerengeka, ndipo Ramez anali mmodzi wa odwalitsitsa. Kuyambira ali mwana ankasonkhanitsa tisitima toyendera magetsi, tomwe timathamanga pa tinjanji toyala patebulo. Lachisanu lililonse m'mamawa ankakhala ali kumsika wa zinthu zakale, akufukula m'makatoni a anthu. Tsiku lina, asanadziwane n'komwe ndi Nermin, anapisa dzanja m'katoni ya makiyi adzimbiri n'kutulutsamo kasitima kakuda, mutu wokhawokha wopanda mabogi, kotalika ngati chikhatho koma kolemera ngati mwala. Atakatembenuza anaona chizindikiro cha kampani ya ku Germany, ndi tingowe tokolera mabogi ta mtundu womwe unasiya kupangidwa iye asanabadwe. Magudumu ake onse anali ofiira, kupatula limodzi lomwe linali lamkuwa. Analipira osanenerera.

Akukulunga m'nyuzipepala, kunatulukira bambo wachikulire akupuma mwawefuwefu.

"Mwana wanga, tandipatsa ndikaoneko."

"Ndagula kale, madala."

"Kameneko n'kanga."

"Kakanakhala kanu bwenzi kali kwanu, osati m'katoni ya makiyi."

Mkuluyo anachonderera, nalonjeza kumubwezera ndalama zake ndi zina zapamwamba. Ramez, poona anthu atayamba kuwaunjirira, anafuna kuithetsa nkhaniyo ndi nthabwala. "Pa msinkhu wanuwu muzikasewera ndi adzukulu. Tisitima mutisiyire ife." Amalonda onse anafa nacho chiseko.

"Tsiku limenelo Baba sanadye," anatero Nermin tsopano, mawu ake ali otsika. "Kasitima kaja anawagulira ndi agogo anga, iwo ali mwana wa sukulu. Gudumu litathyoka, agogo anapanga okha lamkuwa lija. Atamwalira, katundu wam'nyumba anagulitsidwa Baba ali kusukulu ku Cairo. Akhala akukafunafuna moyo wawo wonse. Ndipo adzukulu alibe, Ramez. Ndi nkhani yomwe amandinena nayo m'mawa ndi madzulo."

"Sindinkadziwa."

"Pano wadziwa. Ukawapatse."

"Ndikawapatse?"

Anangochedwa kuyankha pang'ono pokha, kuphethira kwa diso, koma Nermin anakuona.

"Waganiza kaye? Ramez, waganiza kaye!"

"Ayi, ndimangoti…"

"Ine mbali ino, kachitsulo mbali inayo, iwe pakati ukuyeza pasikelo!"

"Nermin, khala pansi, anthu akutiyang'ana."

"Aziyang'ana. Mwina mmodzi mwa iwo alibe njanji m'mutu." Anatola chikwama chake, koma asanatuluke anawerama n'kumunong'oneza, "Loweruka, ikangotha swala ya masana. Ukabwera chimanjamanja, usagogode n'komwe."

* * *

Kwawo ku Moharram Bek, chipinda cha Ramez chinali chitalandidwa kalekale ndi thabwa lalikulu. Pathabwapo panali mapiri a pepala, mlatho, phanga, ndi siteshoni yokhala ndi tianthu todikira sitima. Bedi linakankhidwira kukona ngati la mlendo.

Madzulo amenewo anakhazika kasitima kaja panjanji, napotokola pang'ono chowongolera magetsi. Kanang'ung'udza kaye, nyale yake yakutsogolo n'kuyaka, kenako timikono tam'magudumu tinayamba kupalasa. Kananyamuka mwaulemu, n'kulowa m'phanga, n'kutulukira mbali inayo gudumu lamkuwa likuthwanima. Fungo la mafuta otentha linadzaza m'chipindamo. Pomwe ankakagula kanali kakufa. Anachita kukaphwasula konse, kuchotsa dzimbiri ndi kaburashi kotsukira mano, mpaka tsiku lomwe kanadzuka iye anafuula ngati wabadwitsa mwana.

Anakaimitsa. Anakayendetsanso. Anaimirira, nakhalanso pansi.

"Chakudya chazizira, bwana stesheni masitala," anatero mayi ake, a Inayat, ataima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Ndikubwera, Mama."

"Unatero kale. Injiniya wathunthu, ndevu pepeya, kumangozunguza zidole. Anzako akuzunguza ana m'mapaki."

"Ndi nkhani yomweyo ndimafuna tikambirane. Loweruka ndikupita kwa a Dokotala Wagdi, bambo ake a Nermin."

A Inayat analowa, nasuntha kabokosi ka timitengo tapulasitiki kuti apeze pokhala pabedi.

"Anthu a ku Rushdi aja? A nyumba yokwera ndi chikepe?"

"Omwewo."

"Ndiye mwana wa adokotala adzagona pati muno? Pa siteshonipo? Kapena m'phangamo?"

"Tidzapeza nyumba ina, Mama."

"Mwana wa mnzanga Soheir anakakamira kukudikira, mtsikana wodziwa kuti kwathu kuno madzi amathera pampopi. Iwe maso ali kumwamba." Anapumira m'mwamba. "Upite wekha. Ukakaona kuti chitseko n'chotsegukadi, ndiye ndidzavale diresi langa labwino. Sindikufuna kukakhala pampando wa eni ake iwo akundiyang'ana nsapato."

"Si anthu otero."

"Bambo akewo unawaonapo?"

Ramez anakanda m'mutu. "Kamodzi."

"Anakukonda?"

"Mama, chakudya chija chikuzizira."

Atatuluka mayi ake, foni inalira. Anali Nermin.

"Ndawauza Mama kuti Loweruka kubwera mlendo wofuna kuonana ndi Baba. Sanafunse ngakhale dzina. Angokhala chete modabwitsa."

Ramez anajambula kasitima kaja n'kutumiza chithunzi. Pansi pake analemba, "Ndikapereka."

"Ukulira?"

"Pang'ono."

"Liriratu lero. Loweruka ubwere m'maso muli gwa."

Ramez anamwetulira, koma mawu aja akuti angokhala chete modabwitsa anamukhala pamtima ngati kamwala m'nsapato.

* * *

Lachinayi anapita ku Attarine, m'tinjira ta masitolo a zinthu zakale, kukafuna bokosi loyenera mphatsoyo. Sakanakapereka m'nyuzipepala. Anapeza lamtengo, lokutidwa ndi nsalu yofiira m'kati, ndipo akubwerera nalo anamva wina akumuitana.

"Basha! Bwana wanga, Injiniya Ramez! Mungadutse osatipatsa moni?"

Pakhomo la sitolo yodzaza ndi mawotchi ndi magalasi panaima mwamuna wovala bwino, tsitsi lonyezimira, akuseweretsa makiyi a galimoto. Ramez anali asanamuonepo, koma fungo la perefyumu lomwe linamupeza ali patali linamuuza zonse. Nermin anali atamufotokozera za Safwat, mwana wa mchimwene wa a Dokotala, yemwe ankangoti wafika kunyumba kwawo ndi mphatso popanda womuitana, akununkhira perefyumu.

"Mwandidziwa bwanji?"

"Msika uno ulibe chinsinsi, basha. Lowani, tiyi ali pamoto."

M'kati Safwat anatsegula kabati n'kutulutsa kasitima kobiriwira. "Inu odziwa, tandiuzani. Akuti n'kakale kwambiri."

Ramez sakanatha kudziletsa. Anakanyamula, nakayeza kulemera m'dzanja, n'kugogoda denga lake ndi chikhadabo. "N'kopepuka. Thupi lake ndi lapulasitiki, penti ndi yadzana. Magudumu okha ndiwo akale."

Safwat anaseka osachita manyazi. "Ammo, a Dokotala aja, ananenanso chimodzimodzi, n'kundibwezera. Inu anthu a tisitima ndinu ovuta. Kwa ine zonsezi ndi katundu basi." Anatseka kabati. "Koma kalipo kamodzi komwe sangandibwezere. Ka gudumu lamkuwa. Ndafunsafunsa kumsika wa Lachisanu mpaka ndamva kuti kali ndi inu. Tchulani mtengo."

"Sikogulitsa."

"Chilichonse n'chogulitsa. Ndikufuna ndiwapatse Ammo mphatso yoti agwetse misozi."

"Ndati sikogulitsa."

Safwat anathira tiyi m'matambula awiri, modekha, ngati sanamve. "Tiyi wa ku Raml ndi wokoma kuposa wangayu, eti? Makamaka wa patebulo la pakona."

Ramez anadzutsa mutu n'kumuyang'ana.

"Musadandaule, sindinauze munthu," anapitiriza Safwat. "Mtsikana amafunika kupitidwako mphepo asanakhazikike. Koma Nermin ndi wathu, basha. Tinakulira pakhonde limodzi. Inu ndinu kasiteshoni kam'njira. Sitima imaimapo pang'ono, anthu n'kugula mtedza, kenako imapitirira kwawo."

"Mwini wakeyo munamufunsa komwe akupita?"

"Kwathu timafunsa bambo." Anamwetulira n'kuyang'ana bokosi lomwe linali m'khwapa mwa Ramez. "Bokosi lokongola. Mukafuna kusintha maganizo, sitolo mwaiona."

Ramez anatuluka tiyi osamukhudza. Ali panjira analembera Nermin, "Safwat akudziwa za ife." Anadikira. Anakwera tiramu, natsika, foni ili m'manja. Yankho linabwera dzuwa litapendeka, lalifupi. "Ndikudziwa. Ali pabalaza ndi bambo ake. Sindingathe kulankhula pano."

* * *

Lachisanu lonse Nermin sanalembe kanthu. Ramez sanapite kumsika, chinthu chomwe chinadabwitsa ngakhale mayi ake. Anapukuta kasitima kaja, nakaika m'bokosi, nakatulutsanso kuti akapukutenso.

Loweruka m'mawa uthenga unalowa. "Usabwere lero. Chonde. Ndidzakufotokozera."

Anaimba pomwepo. Foni inali yozimitsa. Anaimbanso, naimbanso. Analemba, "Chachitika n'chiyani?" Anafufuta. Analemba, "Ndi Safwat?" Anafufutanso. Anayenda kuchoka kuchipinda kupita kukhitchini, kuchoka kukhitchini kupita pakhonde, mawu a kasiteshoni kam'njira akumulira m'mutu. Kodi Nermin wasintha maganizo? Kodi amuopseza? Nanga iye akapanda kupita lero, Safwat sapezerapo mpata?

"Undibowolera simenti ndi kuyendayendaku," anatero a Inayat. "Akukaniza?"

"Wati ndisapite."

"Ndinanena ine." Anamuyang'ana mwana wawo kwa kanthawi, nkhope yawo n'kufewa. Analowa kuchipinda, ndipo potuluka anali ndi shati yoyera yositasita. "Bambo ako atabwera kwathu, achimwene anga anawathira madzi kuchokera pakhonde lam'mwamba. Anabweranso mawa lake atanyamula ambulera. Vala. Ndipo udutse pogula keke ya basibusa, usakalowe m'nyumba ya eni ake ndi chidole chokha."

* * *

Chitseko anatsegula ndi a Dokotala Wagdi eni ake, atavala mkanjo wam'nyumba, magalasi ali pamphuno. Anamuyang'ana Ramez kuyambira kunsapato mpaka kumutu, nkhope yawo n'kuuma.

"Iwe."

"Ndine, a Dokotala. Dzina langa ndine Ramez. Ndabwera kudzapepesa. Zomwe ndinayankhula kumsika zija zinali zachipongwe, ndipo mayi anga sanandilere choncho."

"Wapepesa. Tsikira pomwe unakwerera."

Ramez anaika mbale ya basibusa pakatebulo ka pakhomo, natsegula bokosi lija.

A Dokotala anasuzumira m'bokosimo. Dzanja lawo linanyamuka lokha, n'kuima m'malere, ngati akuopa kuti akakakhudza kasowa. Kenako anakanyamula ndi manja awiri, nakatembenuza, chala chawo chachikulu n'kupita pa gudumu lamkuwa.

"Bambo anga analipala ndi tupa pakhonde," anatero ndi mawu osasa. "Ine nditakhala pambali ndikulira. Anati, Wagdi, ukapitiriza kulira ndipanga lamakona anayi." Anaseka, koma chisekocho chinathera m'misozi. "Kamayenda?"

"Kamayenda, a Dokotala. Ndinakakonza."

"Lowa. Lowa, mwana wanga!"

Anamukoka pamkono kudutsa m'kakhonde. Pabalaza pankamveka mawu a alendo ndi kulira kwa matambula, koma a Dokotala sanaimeko. Anakankha chitseko chakumapeto, n'kumulowetsa Ramez. Njanji zinazungulira chipinda chonse, zina pamwamba pa zinzake. M'makabati agalasi munali tisitima tambirimbiri, ndipo pakati pa shelefu yapamwamba panali malo amodzi opanda kanthu.

A Dokotala anakhazika kasitima panjanji, manja akunjenjemera mpaka Ramez anawathandiza kulowetsa magudumu. Atapotokola chowongolera, nyale inayaka, timikono tinapalasa, kasitima n'kunyamuka. A Dokotala anakatsatira ndi mapazi kuzungulira thabwa lonse, ndodo ataiiwala pakhomo.

"Tamvera kaliridweko! Sikanasinthe! Mafuta unathira ati?"

"A makina osokera, kadontho kokha."

"Wachita bwino. Ena amathira ngati akukazinga nsomba." Anamukumbatira Ramez mwamphamvu, namupsompsona masaya onse awiri. "Ndinakutemberera, mwana wanga, ndisakubisire. Lero ndafafaniza zonse. Nyumba ino ndi yako. Nermin! Mayi ake Nermin! Bweretsani chakumwa cha sharubati kuno!"

Nthawi yake inali imeneyi. Ramez anakonza kolala ya shati.

"A Dokotala, pali nkhani inanso yomwe…"

"Dikira, ndikuuze kaye yanga. Mulungu wakutuma pa tsiku labwino. Dzulo ndapereka mawu kwa achimwene anga. Lachinayi likubwerali tikuwerenga Fatiha, pemphero la chitomero cha mwana wanga Nermin ndi mwana wawo Safwat." Maso awo anawala ngati a mwana. "Ndiye tamvera zomwe zandibwerera. Tidzayala njanji kuchoka muno mpaka pabalaza. Mphete zidzakwera m'bogi, ndipo zidzakokedwa ndi kasitima ka bambo anga. Ine manja anga ndi awa ukuwaonawa. Udzayendetse ndiwe."

Kasitima kanapitiriza kuzungulira.

Pakhomo panaima Nermin atanyamula thireyi ya matambula ofiira. Maso ake anali otupa. Atamuona Ramez milomo yake inatseguka, kenako anapukusa mutu pang'ono, kumuchonderera kuti asayankhule. Kumbuyo kwake kunatulukira Safwat, dzanja lili m'thumba. Anayang'ana kasitima kaja, nayang'ana bokosi, kumwetulira kwake n'kuzilala pang'ono, koma anakubwezeretsa msanga.

"Injiniya Ramez! Ammo, munthuyu ndi katswiri. Sangatikanire."

"Wavomera, eti?" anafunsa a Dokotala.

Ramez anayang'ana Nermin. Mtsikanayo anapukusanso mutu. Koma iye anaona m'maganizo mwake tsiku la Lachinayilo, iye atagwada pakona ndi chowongolera m'manja, akutumiza mphete ku chala cha Nermin, ndipo pakamwa pake panatseguka pokha.

"Sindingathe, a Dokotala."

"Chifukwa?"

"Chifukwa chomwe ndabwerera n'chomwecho. Ndabwera kudzapempha Nermin. Timadziwana, ndipo ndimamukonda."

Kasitima kokha ndi komwe kankamveka, kakugogoda polumikizira njanji.

A Dokotala anavula magalasi. "Umadziwana ndi mwana wanga."

"Inde."

"Ndiye kasitimaka si kupepesa ayi. Ndi malipiro."

"Ayi, a Dokotala, si choncho."

"Ndiyankhe chinthu chimodzi, ndipo undiyankhe ngati mwamuna. Ukanapanda kudziwa kuti ndine bambo wake, ukanabwera nako?"

Ramez anafunafuna bodza loti limupulumutse, koma maso a mkuluyo anali pa iye, onyowabe ndi misozi ija. Anaweramitsa mutu.

"Ndamva," anatero a Dokotala.

"Baba, musamuweruze choncho," anatero Nermin akulowa. "Ndine ndinamuuza kuti akupatseni. Ndinamufotokozera za agogo, za gudumu, zonse. Anakakonda kasitimaka ngati inu nomwe, komabe wakapereka."

"Ndiwe unamuuza." Mawu awo anatsika kwambiri. "Ndiye munakhala pansi awiriwiri, n'kutenga nkhani ya bambo anga, n'kuisandutsa kiyi wotsegulira nkhalamba yopusa."

"Baba, dzulo simunandifunse n'komwe! Munangotuluka pabalaza n'kundiuza kuti zatha!"

"Ammo, ine ndinkadziwa, koma ndinaopa kukupwetekani mtima," anatero Safwat mofatsa. "Akhala akukumana ku Raml, anthu akuona."

"Iwe khala chete!" anakuwa Nermin.

A Dokotala anatambasula dzanja n'kuzimitsa magetsi. Kasitima kanaima pakati pa mlatho, nyale yake n'kuzima. Anakanyamula, nakapukuta ndi mkono wa mkanjo wawo, n'kukagoneka m'bokosi muja mosamala ngati khanda. Anachedwa kutseka chivundikiro. Atatseka, analiika bokosilo m'manja mwa Ramez n'kulikankhira pachifuwa pake.

"Tenga. Ndakhala popanda iko zaka zonsezi, ndikhalanso. Mwana wanga sasinthanitsidwa ndi chitsulo."

"A Dokotala, n'kanu. Ngakhale mundikane, n'kanu."

"Ndati tenga!"

Mayi ake a Nermin anali atafika pakhomo, dzanja lili pakamwa. A Dokotala anawayang'ana. "Mulande foni mwanayu, ndipo asatuluke m'nyumba muno." Kenako anatembenukira kwa Safwat. "Kawauze bambo ako ndi mayi ako pabalazapo. Ngati anthu ayamba kale kuona, Lachinayi n'kutali. Fatiha tiwerenga mawa."

"Baba!"

"Mawa madzulo," anabwereza, osamuyang'ana.

Safwat ndi amene anamuperekeza Ramez kukhomo, mwaulemu wonse, mpaka kumutsegulira chitseko. Ramez anacheuka kufuna kuona Nermin, koma mayi ake anali atamukokera kale kuchipinda.

"Basibusayu tidyetsa alendo mawa, basha," ananong'ona Safwat. "Zikomo."

Chitseko chinatsekeka. Ramez anaima pamasitepe bokosi lili pachifuwa, osadziwa ngati atsike kapena agogodenso. Asanasankhe, m'kati mwa nyumbamo mayi ake a Safwat anayamba kuimba nthungululu.